Feriya ya Mayi Angélica ku Msekwa

Kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, Mayi Angélica ankachapa zofunda pa kanyumba kena kogona alendo mumzinda wa Lichinga. Eni ake ankakatcha pensau. Kanali ka zipinda zisanu ndi zinayi, ndipo kumbuyo kwake kunali thanki ya simenti yochapiramo ndi mawaya anayi oyanikapo, omangidwa pakati pa mitengo ya paini. M'miyezi ya Juni ndi Julaye, chifunga chikaphimba mzinda, madzi a m'thankimo ankaluma zala mpaka kuchita dzanzi, ndipo nsalu zinkatha masiku awiri pawaya zisanaume. Mayi Angélica ankafika m'mawa kuchokera kwawo ku Sanjala, dera lina la mumzindamo, atavala majuzi awiri, n'kuvula imodzi, n'kupinda manja a inayo, n'kuyambapo.

Alendo ambiri a pa pensau sankadzera Lichinga weniweniyo. Ankangogonapo paulendo wopita kunyanja. Ankafika nkhope zili gwaa, maso ali pa wotchi, akufunsa za galimoto ya ku Metangula. Pakapita sabata imodzi kapena ziwiri ankabwerera ali anthu ena. Ankayenda pang'onopang'ono ngati munthu amene wangodzuka kumene, ankacheza ndi alonda, ndipo m'matawulo mwawo munkatuluka mchenga woyera umene unkatsalira pansi pa thanki. Mayi Angélica ankaukokolola ndi chikhatho, n'kuuyang'ana pang'ono, n'kuutaya kuseri. Zinkawadabwitsa. Nyanjayo ankaidziwa kuposa alendo onsewo, koma sankakumbukira kuti inayendetsapo munthu mayendedwe otero.

Iwo anabadwira kumtunda konkuno, m'mudzi wolima chimanga, nyemba ndi mbatatesi. Kunyanja unawapititsa ndi ukwati. Amuna awo, a Quintino, anali mphunzitsi, ndipo anatumizidwa ku Msekwa, kamudzi ka asodzi kufupi ndi Kobwe, moyang'anizana ndi chilumba cha Likoma. Pamenepo nyanja imapanikizika pakati pa mapiri a kuno ndi chilumbacho, n'kukhala ngati mtsinje waukulu wosayenda. Kumwera kwa mudzi kuli kaphiri kolowa m'madzi, kotero mphepo ya mwera ikamasautsa anthu kwina konse, pa Msekwa imafika itatopa kale.

Koma mtsikana wa zaka makumi awiri sanapite kukaona zimenezo. Kwa iye nyanja inali chidebe pamutu kasanu patsiku, mbale zotsuka, matewera, chinangwa chovikidwa, ndi usipa wotembenuza dzuwa likuswa pamsana. Kenaka nkhondo inafika. Tsiku lina m'mawa, m'chaka cha 1986, mfuti zinamveka kuseri kwa phiri, ndipo mudzi wonse unathamangira m'mabwato. Angélica anawoloka atagona chafufumimba pansi pa boti, mwana wake woyamba, Gerson, ali kunsi kwa chifuwa chake, kapulana, chitenje chake, itawaphimba onse awiri. Madzi sanawaone, thambo sanalione. Anangomva nkhafi zikugunda m'mbali mwa boti ndi mayi wina akupemphera chonong'ona.

Ku Likoma anakhala zaka zisanu ndi ziwiri. Gerson anamwalira komweko ndi chikuku ali ndi zaka zitatu, ndipo mlongo wake, Lénia, anabadwira komweko. Mtendere utabwera, a Quintino anafunsa ngati kunali bwino kubwerera ku Msekwa. Mkazi wawo anayankha kuti madzi amukwana, akufuna kwawo kozizira. Umo ndi mmene anafikira ku Sanjala. A Quintino anaphunzitsa mumzindamo mpaka matenda a shuga anawatenga mu 2009. Lénia anaphunzira, napeza ntchito mu ofesi ina ku Nampula, nakwatiwa konko.

Chimene chinatembenuza mtima wa Mayi Angélica anali mlendo wa m'chipinda chachinayi. Anali namwino wa ku Beira, dzina lake Célia, munthu wakuda ngati iwo omwe, wa msinkhu wa Lénia, ndipo ankayenda yekha. Atabwerako kunyanja anazungulira kumbuyo kudzafunsa ngati diresi lake lauma. Linali lisanaume. M'malo mobwerera kuchipinda, anavundikira ndowa n'kukhalapo, n'kumawotha dzuwa.

"Kunyanjako muli ndi abale?" anafunsa Mayi Angélica.

"Ayi, titiya. Ndinapita ku feriya, kutchuthi."

"Mawu a feriyawo ndimawamva tsiku ndi tsiku. Koma mukafika kumeneko mumachita chiyani?"

"Palibe."

"Palibe?"

"Ndimadzuka, ndimayang'ana madzi. Kukatentha ndimalowamo. Ndikamva njala ndimadya. Basi."

Célia anatulutsa foni n'kuwaonetsa chithunzi. Panali mchenga, mabwato atatu, mlambe wa mphanda ziwiri, ndipo kutsidya kunali chilumba chogona pamadzi ngati ng'ombe yokhuta. Mayi Angélica anapukuta manja pa kapulana, nagwira foniyo ndi manja awiri. Mlambewo ankaudziwa. Pansi pake ndi pamene ankatula chidebe kuti khosi lipumeko.

"Apa ndi pa Msekwa," anatero.

"Mumapadziwa?"

"Ndinakhalapo zaka zisanu. Koma sipanali pokongola chonchi."

"Kapena pasintha."

"Mlambe susintha, mwanangu. Miyala iyi ndi yomwe ija. Kaya maso anga ankayang'ana kuti."

Célia anachoka m'mawa mwake, koma chithunzicho chinatsala. Masana, simbi ikamayenda pa nsalu yoyera, Mayi Angélica ankaona nsaluyo ikutambasuka, ikuchita timafunde, ikufika mpaka ku Likoma. Mphepo ikawomba m'mitengo ya paini ankamva ngati madzi akukwera mchenga n'kubwerera. Nthawi zina ankadziona atakhala pansi pa mlambe uja, miyendo atatambasula, manja ali pamiyendo opanda kanthu, ndipo ankadabwa kuti manja opanda kanthu amawaika pati. Tsiku lina anapsereza pilo. M'zaka zonse zija anali asanapserezepo kanthu.

Panapita zaka ziwiri. Mwini pensau anakalamba, naganiza zotseka n'kupita kukakhala ndi ana ake. Zala za Mayi Angélica nazo zinali zitayamba kukana kupinda kukazizira. Lénia anaimba foni.

"Mama, ntchito yatha, ndiye mukhalirenji nokha kumeneko? Bwerani ku Nampula. Kuno n'kofunda, ndipo ana akusowa wowayang'anira."

"Ndibwera. Koma ndiyambe ndapita ku feriya."



"Feriya yake iti, mama?"

"Yomwe amapita anthu."

"Mukaona ndani?"

"Palibe."

Lénia anaganiza kuti mayi ake akubisa matenda, ndipo anaimbira woyandikana nawo nyumba, Mayi Assia, kuti akawaone. Mayi Assia anali Myao, Msilamu, wogulitsa mbatatesi pamsika, ndipo iwo ndi Mayi Angélica anali atabwerekana mchere ndi moto pampanda kwa zaka pafupifupi makumi atatu. Analowa popanda kuodira, napeza mnzawo akusoka chipewa chakale cha a Quintino.

"Achemwali, ndamva kuti mwasanduka mzungu."

"Ndasanduka."

"Mupite ulendo wonsewo kukangokhala? Kukhala simungakhale pakhonde panu pano?"

"Pakhonde pano ndikakhala ndimaona udzu wofuna kuzula."

Mayi Assia anaseka mpaka kugwira chitseko. Atatha kuseka anakhala pa mpando. Kenaka anaulula chinthu chimene mnzawo sankachidziwa. Iwo anabadwira ku Lichinga, anakulira ku Lichinga, usipa wa ku Meponda anaudya moyo wawo wonse, koma nyanja anali asanaionepo ndi maso.

"Ndiye konzekani," anatero Mayi Angélica.

"Nanga bambo akunyumba adya chiyani?"

"Ali ndi manja. Amasoka masuti a anthu, angalephere kuphika nyemba?"

Ananyamuka mu Okutobala, mvula isanayambe. Anakwera shapa, minibasi ya ku Metangula, atavala majuzi monga mwa chizolowezi. Msewu utayamba kutsika m'mapiri, mitengo ya paini inatha, mpweya unafunda, ndipo juzi iliyonse inavulidwa n'kuikidwa pamiyendo. Pa khona ina mapiri anatseguka. Mayi Assia anayang'ana kutsogolo, nafunsa chifukwa chake thambo la kuno limatsika mpaka pansi pa mitengo.

"Si thambo limenelo," anayankha Mayi Angélica.

 Mpaka ku Metangula, Mayi Assia ankangosuntha milomo, chala chikuyenda pa mikanda ya tasibihi.

Kuchokera pamenepo anakwera lole ya matumba a ufa, imene inawagwedeza tsiku lonse pa msewu wafumbi mpaka ku Kobwe. Anagona kumeneko, ndipo m'mawa anapeza boti la thanga la bambo wina wa imvi, dzina lake Paulino, amene ankabwerera kwawo ku Msekwa. Kamphepo kanali kochepa. Thangalo, losokedwa ndi matumba akale, linkatupa n'kufota ngati chifuwa cha munthu wogona. Madzi anali oyera moti mthunzi wa boti unkaoneka ukuyenda pansi pa mchenga. Mayi Angélica anagwira thabwa lokhalapo ndi manja onse awiri, koma maso sanatseke.

Atatsika pa Msekwa, amayi amene ankayanika usipa pa mathandala anasiya ntchito n'kuwayang'ana. Mmodzi anabwera kudzawalonjera.

"Mwabwera ku maliro a ndani, amayi? Sitinamve kanthu kuno."

"Sitinabwerere maliro."

"Ndiye mukufuna usipa wokagulitsa? Wouma bwino ulipo."

"Ayi. Tabwera kudzapuma."

Mayiyo anayang'ana mapazi awo afumbi, majuzi opindidwa pa mikono, chipewa cha bambo pamutu pa mayi wachikulire. Anabwerera kwa anzake, ndipo mawuwo anayenda kuchokera pa thandala lina kufika pa lina. Palibe anaseka mokweza, koma mapewa ankagwedezeka.

Paulino anawaperekeza kwa mlongo wake Raquel, amene anali ndi tinyumba titatu ta bango pansi pa mitengo ya mango, tomwe ankagonekamo alendo obwera kudzaona nyanja. Raquel anali mayi wojintcha wa zaka za m'ma makumi asanu, wa mawu okhuthala. Anafunsa mayina, ndipo Mayi Angélica atatchula lawo n'kuwonjeza kuti kalekale anakhalapo pamudzipo ndi amuna awo a Quintino, Raquel anaika pansi makiyi amene anali nawo m'manja.

"Aphunzitsi a Quintino? Amene ankatiphunzitsa pansi pa mtengo wa mkuyu?"

"Omwewo. Anatisiya."

Raquel anagwada pa mchenga, nagwira dzanja la Mayi Angélica ndi manja awiri.

"Ine ndine mwana wa a Likalawe, uja ndinkabwera kusukulu ndi mng'ono wanga kumsana. Tsiku lina munandiitana n'kundidula zikhadabo ndi lumo lanu. Munati mwana wamkazi wogwira choko asamaoneke ngati nkhanu."

Mayi Angélica sankakumbukira za zikhadabozo, koma anakumbukira mtengo wa mkuyu, ndi mawu a amuna awo akuwerengetsa ana, akumveka mpaka kudooko. Anakhala pa khonde la kanyumbako, ndipo kwa kanthawi onse atatu analankhula za akufa.

Tsiku loyamba la feriya silinayende bwino. Mayi Angélica anadzuka m'mawa, nayang'ana bedi, manja n'kuyamba okha. Pamene Raquel ankabwera ndi tiyi anapeza zofunda za tinyumba tonse titatu zili m'beseni, mlendo wake atawerama, thovu lili mpaka m'zigongono. Mayi Assia nawo anali atapeza tsache ndipo anali atasesa theka la bwalo.

"Amayi, mukufuna kundichititsa manyazi pamudzi pano?" anatero Raquel. "Anthu adzati Raquel amagwiritsa ntchito akazi a aphunzitsi ake."

"Nsalu ya pilo iyi sinayere bwino."

"Ndiyeretsa ndine. Inu munati mwabwera kudzapuma. Pumani, tione."

Anawalanda beseni ndi tsache, nawayalira mkeka pansi pa mlambe wa mphanda ziwiri uja, nawauza kuti asadzuke mpaka atawaitana. Amayi awiriwo anakhala ngati ana olangidwa. Mayi Assia ankafunsafunsa ngati bambo akunyumba akumbukira kuthira mchere m'nyemba. Mayi Angélica ankapinda ndi kufunyulula nsonga ya kapulana.

Tsiku lachiwiri manja anayamba kugonja. Palibe chimene chinachitika, koma Mayi Angélica anaona kuti ngakhale pamene palibe chochitika pamakhala zambiri. M'mawa madzi anali otuwa ngati mkaka wosungunula, ndipo Likoma ankaoneka ngati wayandama m'mwamba, osakhudza kanthu. Dzuwa litakwera, madziwo anasanduka obiriwira m'mphepete, abuluu pakati. Mbalame ziwiri za mphipi zinakhala pa mwala zitatambasula mapiko ngati zayanika zovala. Nkhwazi inalira pa mtengo wa kuphiri, ina n'kuyankha kutali. Kutali kwambiri, kumpoto, tizilombo ta nkhungu tinkakwera kuchokera m'madzi ngati utsi wa mudzi wosaoneka. Boti la thanga linatuluka kuseri kwa kaphiri, ndipo Mayi Angélica anati aliyang'ane mpaka lifike kutsidya. Linatenga m'mawa wonse. Iwo sanaphonye ngakhale pang'ono.

"Zonsezi zinalipo nthawi ijayi?" anafunsa Mayi Angélica, Raquel atabwera ndi chambo chowotcha.

"Zinalipo, amayi. Ifenso timaziona alendo akatiloza. Ukakhala ndi chidebe pamutu suyang'ana kumbali."

Tsiku lachitatu kunatentha kwambiri, ndipo Raquel anati nthawi yolowa m'madzi yakwana. Anawatengera kuseri kwa miyala, kumalo kumene amayi amasamba, kopanda amuna. Mayi Assia anakhala pa mwala n'kuviika mapazi okha, akuti kwa chaka chino pamenepo pakwana. Mayi Angélica anamanga kapulana pachifuwa n'kulowa mpaka m'mawondo, pamene ankalekezera kale potunga madzi. Raquel anawagwira dzanja. Analowa mpaka m'chiuno, kenaka mpaka pachifuwa. Madziwo anali ofunda pamwamba, ozizirira kumapazi.

"Tsopano gonani chagada."

"Ndimira."

"Dzanja langa lili pamsana panu. Gonani ngati muli pamphasa. Mutu uponyeni kumbuyo, makutu alowe."

Anagona. Makutu atalowa m'madzi, mudzi wonse unazima. Sanamvenso ana, nkhuku kapena mawu a Mayi Assia. Anangomva mtima wawo ndi kaphokoso kakang'ono ngati mikanda ikugundana patali. Pamwamba panali thambo lokhalokha, ndi kamtambo kamodzi kosafulumira. Msana umene unawerama pa thanki zaka zonse zija unawongoka wokha. Zala zinatambasuka popanda kupweteka. Anakhala choncho osadziwa kuti papita nthawi yaitali bwanji, mpaka anatembenuza maso n'kuona Raquel ataima patali ndithu, manja onse awiri atapinda pachifuwa, akumwetulira. Pomwepo anamira, namwa madzi, natuluka akutsokomola. Mayi Assia anali ataimirira pa mwala akuitana dzina la Mulungu.

"Unandisiya liti?" anafunsa Mayi Angélica atapeza mpweya.

"Kalekale."

"Ndiye amandinyamula ndani?"

"Madzi omwewo, amayi. Samafuna kuti muwathandize."

Raquel anatulutsa galasi lovala kumaso limene mlendo wina anasiya. Anawamanga nalo, nawauza kuti agwire mwala, akoke mpweya, aviike nkhope. Mayi Angélica anaviika.

Pansi pa miyala yomwe ija, pamene anatsukirapo mbale zaka zisanu, panali mudzi wina. Tinsomba ta mbuna tinkayenda pakati pa miyala, tina tabuluu ngati nsalu yatsopano, tina tachikasu, tina ta mizeremizere, tina tofiirira kumchira. Tinkadya ndere pa mwala modekha ngati mbuzi pa chulu. Kuwala kwa dzuwa kunkatsika m'mizere n'kumavina pa mchenga. Kansomba kamodzi kanabwera mpaka pa galasi, kanawayang'ana m'maso, kenaka kanatsegula kukamwa, ndipo m'kamwamo munatuluka tiana tambirimbiri ngati mpunga womwazika. Chala cha Mayi Angélica chitasuntha, tianato tinathamangiranso m'kamwa mwa mayi wawo, ndipo kanatseka n'kumapita.

Anadzutsa mutu, napuma, naviikanso. Anachita zimenezo mpaka khungu la zala linachita makwinya. Potuluka anafuna kufotokozera Mayi Assia, koma mawu anawathawa. Anangoti, "Achemwali, pansipa pali anthu."

Tsiku lachisanu Paulino anawatenga pa boti kukayenda pakati pa madzi. Ananyamuka m'mawa, nyanja ili phee. Atafika pakati, mphepo inalekeratu, thanga linagwa, boti n'kuima. Kumbuyo kunali mapiri a kwawo, kutsogolo Likoma, ndipo milambe ya pachilumbapo inkaoneka umodziumodzi. Mayi Angélica anayang'ana uku ndi uku.

"Ndi pafupi chonchi?" anafunsa. "Tsiku lija ndinkaona ngati tayenda chaka."

Anawauza anzawo za ulendo wa pansi pa kapulana. Kenaka analoza kumpoto kwa chilumba, pamene panali miyala yoyera ndi milambe iwiri yoyandikana.

"Gerson ali paja. Bambo ake anaika mwala wosongoka kumutu."

Mayi Assia anasendera pafupi, nagundanitsa phewa lawo ndi la mnzawo. Paulino anadikira pang'ono, kenaka anati anthu amawoloka kawirikawiri, ena kutchalitchi, ena kukaona abale, ndipo ngati amayi akufuna, iye angakonze zofunika n'kuwaperekeza mawa lomwe.

Mayi Angélica anayang'ananso kuchilumbako. Madzi ankanyambita m'mbali mwa boti.

"Ayi, achimwene. Kumanda sapita chimanjamanja ngati munthu wongodutsa. Ndidzabwera ndi khasu, ndiponso ndi mlongo wake. Lero ndangofuna andione ndili khale, mutu uli poyera."

Anavula chipewa n'kuchiika pamiyendo. Anakhala choncho mpaka kamphepo kanabwerera, thanga n'kudzuka.

Anabwerera ku Lichinga patatha masiku asanu ndi anayi. Bambo a kwa Mayi Assia anali ataonda pang'ono ndipo anali ataphunzira kuphika mpunga. Pamsika nkhani inafala, ena akuseka, ena akufunsa mwakachetechete kuti ulendowo umayenda bwanji. Mayi Angélica anapitadi ku Nampula, nalera adzukulu miyezi inayi, koma kutentha kwa mumzindamo kunawakanika, ndipo anabwerera ku Sanjala kukadzala kabichi kuseri kwa nyumba. Asananyamuke anauza Lénia kuti Okutobala akubwerayo apemphe masiku kuntchito.

"Mama, ofesi siingayende popanda ine."

"Pensau inkati siingayende popanda ine. Lero ndi sitolo ya matayala."

Lénia anabwera. Pa ulendo wachiwiriwo anali amayi asanu, chifukwa Mayi Assia anakoka anzawo awiri a pamsika. Njira yonse Lénia anali pa foni, akulangiza wina za mapepala, akukalipira wina za makiyi, ndipo pa lole ya ku Kobwe anadandaula za fumbi ndi msana. 

Paulino anawolotsa Mayi Angélica ndi Lénia kupita ku Likoma tsiku lachiwiri. Manda anawapeza movutikira, chifukwa thengo linali litamera ndipo miyala yosongoka inali yambiri. Mayi wina wokalamba wa pafupi, amene ankakumbukira othawa nkhondo, ndiye anawalozera mzere wa ana. Mayi Angélica anayenda pang'onopang'ono, nawerama pa mwala wina, naugwira, nati ndi uwu. Analambula ndi khasu, Lénia akuzula udzu ndi manja. Atamaliza anakhala pansi, ndipo mayiyo anauza mwana wake wamkazi za mchimwene wake amene sanamuonepo: kuti ankaopa nkhuku, kuti ankatchula dzina la bambo ake ngati mnzake, kuti ankakonda kugona atagwira khutu la amake. Lénia analira kuposa mmene ankayembekezera. Anapemphera, nabwerera dzuwa lili pamutu.

Atafika ku Msekwa anadya, ndipo amayi ena aja anapita kuseri kwa miyala, kumene Mayi Assia anali atalonjeza kuti chaka chino alowa mpaka m'chiuno. Lénia anati mutu ukumulemera, agone kaye pang'ono pa mkeka pansi pa mango. Anagona chammbali, dzanja atatsamira, nsapato zili kumapazi. Posakhalitsa kukamwa kunatseguka pang'ono ngati kwa mwana.

Mayi Angélica anamuvula nsapatozo mosamala. Anathyola kanthambi ka mango n'kumaingitsa ntchentche. Pa mphumi pa Lénia panali mizere iwiri imene mayi ake anali asanaione, ndipo pamene tulo tinkakula mizereyo inkafafanizika. Foni inayamba kunjenjemera pa mkeka. Anaitola, naiyang'ana, naikulunga m'juzi, n'kuiika pansi pa dengu. Kuseri kwa miyala kunamveka kukuwa kwa Mayi Assia, kenaka kuseka kwa amayi onse pamodzi. Raquel anatulukira ndi galasi lija m'manja, nawakodola kuti abwere. Mayi Angélica anapukusa mutu, naloza mwana wogonayo, napitiriza kukupiza kanthambi kaja.